Uphungu woti "siyani nyemba" sukuthandiza odwala athu

Mndandanda wa zakudya zoti munthu azipewa akamavutika ndi mpweya m'mimba wafala pa WhatsApp, ndipo ena mwa ife tayamba kuubwereza kwa odwala. Nyemba, anyezi, mkaka ndi mango zimakhala pamwamba. Gwero lake ndi kadyedwe kotchedwa FODMAP komwe Peter Gibson ndi Sue Shepherd a ku Australia adakafotokoza mu 2005.

Maziko ake ndi oona. Nyemba zili ndi shuga wotchedwa raffinose yemwe matumbo aang'ono sagaya. Akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amamuwola n'kutulutsa mpweya. Koma kadyedweka kadakonzedwera anthu a matenda a IBS, kwa masabata 2 mpaka 6, moyang'aniridwa ndi katswiri wa zakudya, kenako zakudyazo zimabwezeretsedwa chimodzichimodzi. Mndandanda wa pafoni suzitchula zonsezi.

Kuno nyemba, nandolo ndi khobwe ndiye ndiwo zomanga thupi zomwe banja losauka lingakwanitse. Kafukufuku wa MDHS wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 ndi opinimbira. Mayi akauzidwa kusiya nyemba, mphika wa banja lonse umasintha. Tingaphunzitse bwanji magulu 6 a zakudya m'mawa, masana n'kuletsa gulu limodzi?

Nyembazonso timazinenera zoposa mlandu wake. Mu 2011, Donna Winham ndi Andrea Hutchins a ku America adapeza kuti mwa anthu odya nyemba tsiku lililonse, osakwana theka ndi amene adadandaula za mpweya sabata yoyamba, ndipo pa khobwe adali 19 mwa 100. Ambiri vutolo lidachepa patapita masabata ochepa.

Choopsa kwambiri ndi chakuti mndandandawu umatiiwalitsa kufunsa mafunso. Mpweya wonunkha, kutsekula m'mimba ndi kugeya kosalekeza zikhoza kukhala giardia wochokera m'madzi osatetezedwa, yemwe amafuna mankhwala. Mimba yotupa, kusanza, ndi kulephera kutulutsa mpweya kapena chimbudzi zikhoza kutanthauza kupotana kwa matumbo, vuto lomwe madokotala a opaleshoni m'zipatala zathu zazikulu amakumana nalo kawirikawiri. Wodwala wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi amene mimba yake yakhala yofufuma kwa masabata, akukhuta msanga ndiponso akuwonda, ayezedwe khansa. Magazi m'chimbudzi nawonso si nkhani ya nyemba.

Zizindikiro zoopsazi zikapanda kupezeka, tiwauze odwala kuti kutulutsa mpweya kangapo patsiku ndi chilengedwe. Anyike nyemba m'madzi usiku wonse, ataye madziwo, aziphike zipse bwino, kapena achotse makoko n'kuphika chipere. Ayambe pang'ono n'kumawonjezera, adye mosathamanga, achepetse zakumwa za gasi. Flagyl asaperekedwe chifukwa cha mpweya wokha. Ngati pali chakudya chimodzi chokayikitsa, monga mkaka, achisiye masabata awiri n'kuchiyesanso, nyemba zikhalebe pamoto.