Kompyuta ikamalamula zida zoyezera: ndemanga ya buku la John M. Hughes

Aliyense amene anagwirapo ntchito mu labotale ya zamagetsi amadziwa kutopetsa kwa kukhala pambali pa multimeter, n'kumakopera manambala m'kope mpaka dzuwa kulowa. Buku la John M. Hughes, Real World Instrumentation with Python, lomwe kampani ya O'Reilly inatulutsa kumapeto kwa 2010, linalembedwera anthu ofuna kutula ntchito imeneyi kwa kompyuta, kuti iyoyo izilamula chida, kuwerenga zotsatira ndi kuzisunga.

Luso limeneli ndi lakale ndithu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya Hewlett-Packard inakonza njira yolumikizira zida zake yotchedwa HP-IB, yomwe mu 1975 inakhazikitsidwa ngati IEEE 488, ndipo ambiri amangoti GPIB. Pa mzere umodzi wa GPIB mutha kulumikizapo zida 15. Mu 1990 kunabwera SCPI, malamulo olembedwa m'mawu wamba omwe zida za makampani osiyanasiyana zimamva. Mukatumiza *IDN? chida chimatchula amene anachipanga ndi mtundu wake, mukatumiza MEAS:VOLT:DC? chimakuyankhani ndi kuchuluka kwa mavolti. Chimene Hughes wabweretsa n'chakuti zonsezi zitheke ndi Python, chinenero chaulere, m'malo mwa mapulogalamu okwera mtengo monga LabVIEW.

Bukuli limayenda mosafulumira. Limayamba ndi maphunziro oyambira a zamagetsi, kenako Python, kenako C ndi kalumikizidwe ka zinenero ziwirizi, lisanafike pa zingwe ndi mapulagi a RS-232, RS-485, USB ndi GPIB. Kwa wolemba mapulogalamu amene sanagwirepo waya, dongosololi ndi lothandiza. Koma injiniya amene oscilloscope ikumudikira patebulo aona ngati akumuzungulitsa, chifukwa masamba ambiri amatha pulogalamu isanalankhule ndi chida chenicheni.

Wopirira apeza phindu m'mitu yapakati ndi yakumapeto. Hughes akudziwa kuti kutumiza lamulo n'kosavuta, ndipo vuto limabwera chida chikakhala chete. Kodi pulogalamu idikire mpaka liti? Nanga chingwe chikazuka usiku, kuyeza kuli mkati, zomwe zasonkhanitsidwa kale zitayike? Nanga chida chikabweza nambala yosamveka? Mabuku ambiri a mapulogalamu amangolambalala mafunso otere, pomwe iye wawapatsa malo okwanira. Mutu wonena za simulator, pulogalamu yonamizira kukhala chida, nawonso ndi wamtengo wapatali. Umathandiza munthu kuyesa pulogalamu yake popanda kuika pachiswe chida chodula, ndipo wophunzira amene alibe chida amatha kuyamba ndi kompyuta yokha.

Zofooka zilipo. GPIB ndi SCPI, zomwe zili pamtima pa ntchito ya m'malabotale ambiri, zapatsidwa malo ochepa poyerekeza ndi kulemera kwake, kotero wofuna kulamulira spectrum analyzer adzafunikabe buku la malangizo la chidacho. Zitsanzo zalembedwa mu Python 2, chonsecho Python 3 inatuluka mu 2008, ndipo owerenga a masiku ano ayenera kusintha zina kuti ziyende. Komanso pofuna kukhudza zonse, kuyambira pa zida za pa benchi mpaka pa mawindo a pulogalamu, nkhani zina zangokhudzidwa pamwamba.

Ndikulivomereza bukuli kwa ophunzira zauinjiniya, amisiri a m'malabotale ndi ofufuza amene amadzikonzera okha zoyesera zawo. Katswiri wa GPIB sapezamo zambiri zachilendo. Koma wongoyamba kumene aphunziramo chinthu chimene anzake anachidziwa atataya kale ntchito ya usiku wonse: pulogalamu yolamula chida iyenera kulembedwa moyembekezera kuti tsiku lina chidacho sichidzayankha.