Kuzika mbendera pa nyenyezi za eni

Madzi saiwala khwawa. Pamene makampani akuluakulu akupikisana kukometsa zithunzi m'masewera a pakompyuta, Ray Fowler anasankha kubwerera m'mbuyo. Gemu yake, Remnants of the Precursors, yomwe anailemba m'chiyankhulo cha makompyuta cha Java ndipo imaperekedwa ulere, ndi chiukitso cha Master of Orion, gemu imene Steve Barcia anakonza ndipo kampani ya MicroProse inaitulutsa m'chaka cha 1993. Zithunzi zake n'zatsopano, koma malamulo anawasiya pafupifupi momwe analili.

Nkhani yake njosavuta. Umayamba ndi pulaneti limodzi ndi tizombo towerengeka. Umatumiza azondi ku nyenyezi zapafupi, kenako chombo cha anthu okakhazikitsa mudzi, mpaka malire ako atagundana ndi a mitundu ina.

Poyamba tiyamikire. Pulaneti lililonse umaliyendetsa pogawa chuma chake m'magawo asanu okha: zombo, chitetezo, mafakitale, kusamala chilengedwe ndi kafukufuku. Ukawonjezera kuno, uko kwachepa. Ukachulutsa mafakitale osalipira zochotsa zinyalala, pulaneti limawonongeka ndipo anthu okhalapo amachepa. Mndandanda wa luso limene ungatulukire umasinthanso ukayamba gemu yatsopano, choncho chimene ulibe uyenera kusinthana ndi mnzako, kumubera kapena kumulanda. Magemu ambiri a masiku ano amakutopetsa ndi kudinadina mabatani. Iyi imakupatsa zosankha zochepa, koma chilichonse chimaluma. Apa Fowler wagwira ntchito, tisamunamize.

Koma abale, pofukula chakale umafukula ndi fungo lake lomwe. M'chaka chomwecho cha 1993, Alan Emrich wa magazini ya Computer Gaming World anatcha magemu a mtunduwu 4X, kutanthauza ntchito zinayi: kufufuza, kukuza malire, kudyera chuma cha malo ndi kufafaniza adani. Werengani mndandandawo kawiri. Kodi sitinaumvepo penapake? Akuluakulu amene anakhala pansi ku Berlin mu 1884 ndi 1885 kukambirana za Africa sakanaudabwa ayi.

Chodetsa nkhawa n'chakuti gemuyi yatsuka loto la mtsamunda mpaka kuyera. Pulaneti limene palibe ufumu walitenga limakhala lopanda munthu. Palibe mbadwa yofunsa kuti mwadzatani kuno. Pena umapeza mabwinja a mtundu wakale, koma ntchito yake n'kukufulumizitsira kafukufuku basi. Eni ake anafa kale, ndiye sadandaula. Ukafuna pulaneti la mdani, umakweza anthu ako omwe m'zombo n'kukatsika nawo, ndipo nkhondo imatha mbali imodzi ikatheratu. Anthu mamiliyoni amazimirira ngati nambala yofufutidwa pabolodi. Maliro kulibe, othawa kwawo kulibe.

Ngakhale njira yamtendere ili ndi mbedza. Mitundu ikachuluka mumlengalenga pamakhala msonkhano wosankha mtsogoleri wa onse, ndipo wopambana amafunika magawo awiri mwa atatu a mavoti. Koma mavotiwo amawerengedwa potengera kuchuluka kwa anthu ako. Ndiye kuti amene walanda mapulaneti ambiri ndiye amafika kuchisankho thumba lili lodzaza. Voti imabwera pambuyo pa mzinga. Ukakana zotsatira, onse amakuukira limodzi. Pamenepa ndiye gemuyi imanena zoona zowawa, mwina mosadziwa.

Ena ati, aaa, ndi masewera chabe, nanga pa bawo sitidyerana nkhomo? Zoona, ndipo palibe akunena kuti wosewera asanduka chigawenga. Koma bawo silinamizira kufotokoza mbiri ya anthu. Gemu iyi ili ndi akazembe, mapangano, malonda ndi chisankho. Ikusimba za momwe maiko amakulira, ndipo m'nthano yakeyo malo opanda mbendera ndi malo opanda mwini.

Zina zinali zotheka. Master of Orion II ya 1996 inaikamo mbadwa pa mapulaneti ena, ngakhale ntchito yawo inali kulimira wobwerayo. Alpha Centauri ya 1999 inapita patali: pulaneti lenilenilo limabwezera ukaliwononga. Fowler anasankha kukhulupirika kwa kholo, ndipo sanabise. Vuto n'lakuti kukhulupirika kotere sikufunsa mafunso.

Iseweretu, njokoma, ndipo idzakudyerani tulo. Koma chombo chanu chikamatera pa pulaneti lachete lija, dzifunseni kuti ndani anakuuzani kuti kulibe munthu.