Mneni "Aufheben": Muzu wa Liu ndi Malire Ake

Yense amene adaphunzirako nzeru za Hegel ku seminale adakumana ndi mneni wa Chijeremani woti aufheben. Mneniyu ali ndi zigawo ziwiri: auf, ndiye kuti "m'mwamba", ndi heben, "kunyamula". Heben ndi wa fuko limodzi ndi mneni wa Chilatini capere, "kugwira". Tanthauzo lake loyamba ndi kutola chinthu pansi. Tsono chimene munthu watola angathe kuchisunga, angathenso kuchichotsa kuti chisaonekenso. Motero liu limodzi lidasenza matanthauzo atatu: kukweza, kusunga ndi kuthetsa.

M'buku lake Wissenschaft der Logik (1812), Hegel adakondwera kuti chinenero cha kwao chili ndi liu lotere, naliyesa mwala wa pangodya wa chiphunzitso chake chakuti zinthu zotsutsana zimathetsedwa, komabe zimasungidwa pa mlingo wapamwamba. M'chaka cha 2000, Giorgio Agamben, m'buku lake Il tempo che resta, adakumbutsa kuti Martin Luther, pomasulira Chipangano Chatsopano, adagwiritsa ntchito aufheben pa liu la Chigriki katargein pa Aroma 3:31. Kwa Agamben, Hegel adalandira choloŵa cha Paulo Woyera kudzera mwa Luther.

Ganizoli nlokopa, koma tiliyese ndi lembalo. Pa ndimeyi Paulo akufunsa ngati chikhulupiriro chikuthetsa Chilamulo, ndipo akukana kwamtuwagalu. Pofuna kunena za kulimbitsa Chilamulocho, akutenga mneni wina wotanthauza kuimiritsa, ndipo Luther nayenso akusintha liu, akuti aufrichten. Kukadakhala kuti katargein ali kale ndi tanthauzo la kusunga, mneni wachiwiriwo ukadakhala wa chiyani? Apa nchoonekeratu kuti kusungako nkwa Chijeremani, ndipo tilakwa tikakusenzetsa Chigriki cha Mtumwi.

James Barr adachenjeza akatswiri a Malembo Oyera za msampha womwewu mu 1961, m'buku lake The Semantics of Biblical Language: muzu wa liu umatiuza kumene liulo lidachokera, koma tanthauzo lake timalipeza m'chiganizo m'mene lakhala.

Sitikunyoza maphunziro a mizu ya mau ai. Popanda iwo sitikadamvetsa chifukwa chake omasulira Hegel amavutika chotere. Koma wansembe amene adzalalika za Chilamulo ndi chisomo ayambe wamva Paulo m'mau a Paulo mwini, pambuyo pake ndiye afunse zimene Luther ndi Hegel adachita nawo mauwo.