Harvey Fuqua ndi Luso Losanja Mawu a Oyimba

Harvey Fuqua anabadwa pa 27 Julaye 1929 ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America, ndipo anamwalira pa 6 Julaye 2010 ku Detroit. Anali woyimba, wopeka nyimbo komanso wojambula nyimbo za anzake. Ntchito zitatuzi zinaphuka pa tsinde limodzi, lomwe ndi mayimbidwe a doo-wop, ndipo luso limene anadziwika nalo kwambiri linali lodziwa malo oyenera liwu la munthu aliyense m'nyimbo.

Doo-wop inayamba pakati pa achinyamata akuda a m'mizinda monga New York, Chicago, Baltimore ndi Philadelphia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Anyamata anayi kapena asanu ankasonkhana pa mphambano za misewu kapena m'makonde a nyumba n'kumayimba popanda chida chilichonse. Mmodzi ankatsogolera nyimbo, wa besi ankagwira ntchito ya ng'oma, ndipo otsalawo ankadzaza pakati ndi timawu topanda tanthauzo tolowa m'malo mwa malipenga ndi gitala. Dzina loti doo-wop linachokera ku timawu timeneti. Njirayi inalambulidwa ndi magulu akale monga Ink Spots, mmene munali Charlie Fuqua, wachibale wake wa Harvey, yemwe ankayimba gitala.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Fuqua anali ku Cleveland, kumene anayambitsa gulu lotchedwa Crazy Sounds. Mnzake wa ku Louisville, Bobby Lester, analowa m'gululi, ndipo munalinso Prentiss Barnes wa besi. Pambuyo pake kunabwera Pete Graves wa mawu okwera ndi Billy Johnson wa gitala. Woulutsa mawu pa wayilesi wina wotchuka, Alan Freed, yemwe ankadzitcha Moondog, anawamva n'kuwasintha dzina kukhala Moonglows. Atajambulako nyimbo zingapo m'makampani aang'ono, mu 1954 analowa ku Chess Records ya ku Chicago.

Chimene chinasiyanitsa Moonglows ndi magulu ena ndi kayimbidwe kotchedwa blow harmony. Oyimba kumbuyo sankatsegula pakamwa kwambiri. Ankasongola milomo n'kukankha mpweya ngati munthu wouzira makala kuti moto uyake, moti womvera amayamba wamva mpweyawo liwu lenilenilo lisanamveke. Mawu a anthu atatu akatuluka chonchi nthawi imodzi, zimavuta kusiyanitsa kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Amamveka ngati chida chimodzi chofewa. Kayimbidweka kamafuna kuti onse apume pamodzi ndi kusiya pamodzi. Mmodzi akangofulumira pang'ono, chilema chake chimamveka poyera. N'chifukwa chake Fuqua ankalimbikira zoti gulu lizibwereza chigawo chimodzi kambirimbiri mpaka mawu atagwirana.

Nyimbo ya “Sincerely”, yomwe inatuluka mu 1954, ndi chitsanzo chabwino. Fuqua ndiye anaipeka, koma sanadzipatse malo otsogolera. Anawasiyira Lester, yemwe liwu lake linali lopyapyala ndi lodandaula, iye n'kukhala pakati ndi liwu lake lokulirapo. Nyimboyi imayenda pang'onopang'ono pa makiyi ochepa omwe amangozungulira, ndipo kukoma kwake kuli m'mene oyimba kumbuyo amadzazira mipata imene wotsogolera wasiya akamapuma. Inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues. Posakhalitsa gulu la atsikana achizungu, McGuire Sisters, linaijambulanso ndi zida zambiri ndipo inagulidwa koposa ya eni ake. Kumva ziwirizi motsatizana kumaonetsa chimene chinatayika: yachiwiriyo ndi yosalala, koma mpweya uja mulibe. Pa chimbale, dzina la Freed linalembedwa pambali pa la Fuqua monga wopeka mnzake. Masiku amenewo zinali zofala kuti munthu woulutsa nyimbo pa wayilesi apatsidwe gawo la ndalama za wopeka.

Kenako kunabwera “Most of All” mu 1955, “See Saw” mu 1956 ndi “Ten Commandments of Love” mu 1958. Yomalizayi inatuluka m'dzina la Harvey and the Moonglows, Fuqua akutsogolera yekha. Inamangidwa mwa kupolokozana: lamulo lililonse la chikondi likayimbidwa, liwu lina limalibwereza mongolankhula, ngati mlaliki ndi womuvomereza m'tchalitchi. Mawu ake ndi achibwana pang'ono, monga zilili ndi nyimbo zambiri za doo-wop, koma kasanjidwe kake kamaipatsa ulemu umene mawuwo paokha alibe.

Gulu loyambalo litabalalika, Fuqua anatenga anyamata a gulu la Marquees la ku Washington, D.C., kuti akhale Moonglows yatsopano. Mmodzi mwa iwo anali Marvin Gaye, asanakwanitse zaka 20. Mu 1959 gululi linkayimba kumbuyo m'nyimbo za Chuck Berry ku Chess, ndipo mu 1960 Fuqua anayimba ndi Etta James nyimbo ya “If I Can't Have You”. Posakhalitsa anasamukira ku Detroit limodzi ndi Gaye. Kumeneko anakwatira Gwen Gordy, mlongo wake wa Berry Gordy, mwini wa kampani ya nyimbo ya Motown. Gaye nayenso anadzakwatira m'banja lomwelo, mkazi wake ali Anna Gordy.

Fuqua ndi Gwen anatsegula makampani awo aang'ono, Tri-Phi ndi Harvey. Kumeneko ndi kumene gulu la Spinners linatulukira mu 1961 ndi nyimbo ya “That's What Girls Are Made For”, yomwe kamvekedwe kake ndi ka Moonglows ndithu. Junior Walker, woyimba sakisofoni, nayenso anadzera komweko. Mu 1963 makampaniwa analowa m'manja mwa Motown, ndipo Fuqua anapatsidwa udindo woyang'anira nthambi yosula oyimba. Nthambiyi inali ngati sukulu: Cholly Atkins ankaphunzitsa kavinidwe, Maxine Powell kayendedwe ndi kaonekedwe pagulu, Maurice King mayimbidwe.

M'situdiyo ankagwira ntchito kwambiri ndi Johnny Bristol. Awiriwa ndiwo anajambula “Ain't No Mountain High Enough” mu 1967, nyimbo yopekedwa ndi Nickolas Ashford ndi Valerie Simpson, yoyimbidwa ndi Marvin Gaye ndi Tammi Terrell. Dzanja la munthu wa doo-wop likuoneka m'mene oyimba awiriwo amalandirizana mizere, wina kuyamba pamene mnzake wasiyira, mpaka kukumana pa kolasi. “Someday We'll Be Together”, yomwe Fuqua anapeka ndi Bristol ndi Jackey Beavers mu 1961, inadzafika pa nambala 1 mu 1969 itayimbidwa m'dzina la Diana Ross ndi Supremes.

Atachoka ku Motown chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anayang'anira gulu la New Birth ku kampani ya RCA, ndipo mu 1978 anajambula nyimbo za disiko za Sylvester, kuphatikizapo “You Make Me Feel (Mighty Real)”. Mu 1982 anakumananso ndi Gaye, yemwe panthawiyo ankakhala ku Belgium, n'kumuthandiza pa chimbale cha Midnight Love. M'nyimbo ya “Sexual Healing” ng'oma zake ndi za makina, koma mawu a kumbuyo anasanjidwa mofewa ndi moyandikana monga ankachitira a Moonglows, ndipo liwu lonong'ona koyambirira kwa nyimboyo ndi la Fuqua. Nyimboyi inapatsa Gaye mphotho zake zoyamba za Grammy mu 1983. M'chaka cha 2000, Fuqua ndi anzake a Moonglows analembedwa mu Rock and Roll Hall of Fame ku Cleveland, mzinda umene gululi linayambira.