Ma audio a "kale zinali bwino": ndawamvera mwezi wathunthu

Foni yanga yadzaza ndi ma audio. Chiyambireni kampeni ya chisankho cha pa 16 September 2025, gulu lathu la pa WhatsApp la ku Migowi silikugona. Ambiri ndi amtundu umodzi: bambo wa mawu a besi amapereka moni mwaulemu, kenako kwa mphindi khumi amatiuza kuti dziko lasokonekera chifukwa tinataya njira yakale. Ndikudziwa kuti pano timakamba za mabuku, koma izinso ndi nthano, ndipo zikumvedwa ndi anthu ambiri kuposa buku lililonse lomwe ndinaunikapo.

Luso lilipo, tisanamizane. Olankhulawa salimbana ndi mawu akuluakulu a zachuma. Amangotchula zinthu chimodzichimodzi ngati akuwerenga chipepeso pamaliro: shuga, sopo, mafuta ophikira, thumba la chimanga. Amakukumbutsa feteleza wa K4,495 wa mu 2020, n'kukhala chete pang'ono kuti mtengo wa lero udzitchulire wekha mumtima. Kukhala chete kumeneko ndi kwa katswiri. Akafika pa kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mizere ya galimoto zodikira petulo, palibe angawatsutse. Ngakhale ine ndimapezeka ndikugwedeza mutu.

Pomwe ndimasiyana nawo ndi pa "kale" lawolo. Kale lake liti? Mu audio imodzi yomweyo mumva mwambo wa nthawi ya Kamuzu, makuponi a Bingu a mu 2005, ndi mitengo ya nthawi ya Peter Mutharika, zonse zaphikidwa mumphika umodzi ngati zinachitika chaka chimodzi. Wolemba nthano akatero timati wabera. Wachotsamo 20 July 2011, pomwe anthu anaphedwa pa zionetsero, mafuta a galimoto akusowanso ngati mu 2025. Wachotsamo kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2017.

Koma chomwe chimandiwawa ine ndi nandolo. Aliyense wa m'chigwa chino akukumbuka 2017, dziko la India litachepetsa kugula nandolo wakunja. Mtengo unagwa mpaka anthu kumangoyang'ana matumba ali m'nyumba akufumbwa. Mayi anga chaka chimenecho anagulitsa mbuzi kuti ndibwerere kusukulu. Mwezi wonsewu sindinamve audio ngakhale imodzi yotchula nandoloyo. Munthu ukulankhula kwa anthu a ku Phalombe za ubwino wa kale, n'kudumpha nandolo, eti?

Ina inafika ponena kuti namondwe wa Freddy wa mu March 2023 anali mkwiyo wa Mulungu poti achinyamata tataya mwambo. Apa ndinaimitsa kaye. Napolo wa mu 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anabwera Kamuzu ali pampando, amayi asakuloledwa n'kuvala thalauza komwe. Nthawi imeneyo anataya mwambo ndani?

Miyambi nayo akuigwiritsa ntchito ngati loko. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma mu ma audiowa mwambiwu umabwera pamalo pomwe pamayenera kubwera yankho. Ukangoyamba kudzifunsa kuti ndalama zakunja zogulira mafutazo zidzachokera kuti boma likasintha, mwambi uja wagwa kale, nkhani yatsekedwa.

Musandiveke chipani, chonde. Ma audio a mbali inayo ali ndi matenda awoawo, amalonjeza mawa lomwe silifika, ndipo ndidzawalembera tsiku lawo.

Dzulo ndinalimba mtima n'kufunsa pagulu paja kuti kodi nandolo tinkagulitsa bwanji mu 2017. Panadutsa maola awiri anthu ali zii. Kenako malume ena anayankha ndi audio ya mphindi zisanu ndi imodzi. Mtengo sanautchule. Anafunsa kuti ndine mwana wa ndani.