Thabwa silifufutika

Mwezi wathawu ndinaitanidwa kukaona zithunzi zimene ana a sukulu ina ya sekondale kwathu kuno anadinda pa phunziro la Educação Visual. Aphunzitsi anawapatsa timatabwa, timipeni ndi tinta wakuda, nawauza kuti aliyense aseme cimene cimuwawa pa moyo wa m'mudzi. Ndinabwerako wokondwa, koma ndili ndi mau.

Kwa amene simunaione nchitoyi, imayenda motere. Mwana ajambula pa thabwa losalala, nasema paliponse pamene afuna kuti patuluke poyera. Pamene wasiya osasema mpamene pagwira tinta. Kenaka aika pepala pamwamba, nalitikita ndi kumbuyo kwa sipuni. Cithunzi cituluka cotembenuka, za kumanja zikhala kumanzere, ndipo thabwa limodzi libala mapepala ambirimbiri ofanana. Cofufutira palibe. Mpeni ukalowa walowa, conco mwana ayenera kudziwa cimene afuna kunena asanayambe.

Apa mpamene zithunzi zambiri zinagwera. Ndinaona nkhunda, manja ogwirana, mapu a dziko, ndi mau a Cipwitikizi onena za mtendere ndi ziphuphu. Zinasemedwa mwaukhondo, koma zonsezo ndinaziona kale pa zipupa za zipatala ndi pa malaya a misonkhano. Anawo anasema zimene aganiza kuti akuluakulu afuna kumva.

Ziwiri zokha ndizo zinandiimitsa. Coyamba cinali ca sikelo ya wogula cimanga. Nkhope panalibe, koma thumba lolendewera, manja a mlimi otambasuka, ndi bondo la wogula likutukula thumbalo pansi. Mizere yake inali yokhotakhota, tinta anataikira m'mbali, komabe aliyense amene anagulitsapo mbeu m'malire muno acimva osafunsa. Caciwiri cinali desiki lopanda munthu, kope lili potsegula, ndipo pazenera msungwana wobereka mwana akusuzumira. Lamulo loletsa ukwati wa ana osafika zaka 18 linakhazikitsidwa m'Mozambique mu 2019, koma desiki limenelo linandiuza zimene lamulo silinafikebe. Ana awiriwa anasema zimene anaona ndi maso ao.

Ndikanakonda aphunzitsi akanaonetsa anawa nchito za amene anayenda njirayi kale. Matias Ntundo wa ku Mueda, ku Cabo Delgado, anaphunzira kudinda ndi thabwa mu 1982 kwa Maya Zürcher wa ku Switzerland, ndipo anasema moyo wa Amakonde anzake, nthawi ya atsamunda ndi nkhondo. John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa namwalira mu 1987, ankasema ng'ombe, chalichi ndi mavuto a kwao, nalembamo mau ake omwe. Onsewa anayambira pakhomo pao.

Sindikubisa kuti pali coopsa. Aphunzitsi anandinong'oneza kuti nkhunda siikwiyitsa munthu, pamene sikelo ija mwini wake alipo ndipo amadziwika pamsika. Mantha ao ndiwamva. Malangatana anakhala m'ndende ya PIDE miyezi 18, ndipo iye anali wamkulu. Mwana wa sukulu sitingamuponye m'moto kuti cionetsero cikome.

Koma makolo athu anatisiyira nzeru pa nkhani imeneyi. Gule wamkulu amanyoza cidakwa, waumbombo ndi wodzikuza pabwalo poyera, osachula dzina la munthu, ndipo wolakwa amadzimva yekha. Thabwa lingacite cimodzimodzi. Mwana aseme khalidwe, asiye nkhope ndi dzina. Asankhenso yekha ngati alembe dzina lake pansi, ndiponso ngati pepala lake lituluke kunja kwa sukulu. Udindo wa aphunzitsi ndi kumuteteza pamenepo, osamusinthira nkhani.

Kwa inu makolo, pempho langa ndi laling'ono. Mwana wanu akabwera ndi pepala lakuda manja ali tinta yekhayekha, musafulumire kunena kuti wataya nthawi ya masamu. Mufunseni cimene wasema, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ine ndinapempha pepala limodzi la sikelo ija. Lili pacipupa kunyumba kwanga, ndipo alendo atatu andiuza kale za thumba lao limene linapepuka pamsika.