Amisiri a Zosowa M'sitolo

Makina ambiri mu Lilongwe amafa ndi kanthu kakang'ono. Mota ili bwinobwino, mawaya onse ngamoyo, koma kagiya ka pulasitiki kosakwana masentimita atatu kathothoka mano awiri. Mwini wake amayamba ulendo: Malangalanga, mashopu a mu Area 2, kenako ku Biwi kwa ogulitsa masipeya. Konseko yankho n'limodzi: "Kameneko kulibe, bwana, pokhapokha tiitanitse ku Joni." Akawerengera ndalama yoitanitsirayo amangogwira njakata, makina aja n'kukakhala pamwamba pa wadiropu mpaka fumbi litawakwirira.

Masiku ano kuli achinyamata, owerengeka ndithu, amene kagiya kotere amakalandira ndi manja awiri. Ndimakonda kuonerera mmodzi mwa iwo, mtsikana amene anaika printa yake ya 3D m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya makolo ake ku ma Area. Anthu akamva za makinawa amayesa kuti umangodina batani chinthu n'kutuluka. Ntchito yambiri imathera patebulo, printa isanayatsidwe n'komwe.

Amayamba watsuka kagiyako ndi mswachi wakutha kuti girisi ichoke. Kenako amatenga kalipa, kachitsulo koyezera kamene kamaona ngakhale kachigawo ka milimita. Amawerenga mano onse, othothoka aja amawawerengera pa zitsa zake. Amayeza m'mimba mwa giyayo, kuchindikala kwake, ndi bowo lolowa shafiti. Bowolo amaliyeza uku akutembenuza giyayo, chifukwa giya imene yazungulira zaka zambiri bowo lake silikhalanso lozungulira bwino. Apa ndi pomwe ndimamugomera. Chili m'manja mwake ndi giya yokalamba, yoperepeseka, koma chimene akufuna kujambula ndi giyayo mmene inalili isanadyeke. N'chifukwa chake sakhutira ndi kachidutswa kokha. Amauza mwini wake kuti, "Achimwene, mubwere nawo makina onsewo, ndione pomwe kamakhala ndi giya inzake imene kamalumana nayo."

Pakompyuta amajambula ndi FreeCAD, pulogalamu yaulere. Bowo la mamilimita 6 iye amalilemba 6.2. Pulasitiki yotentha imasefukira pang'ono mkati mwa bowo, ndipo ikamazizira imakokana, ndiye ukalemba 6 yeniyeniyo shafiti siilowa. Kuonjezerako kumasiyana printa ndi printa. Kuti adziwe khalidwe la yake, anapanga kathabwa ka pulasitiki kokhala ndi mabowo osiyana pang'onopang'ono kukula kwake, ndipo kamakhala pa msomali pafupi ndi iye. Shafiti ikabwera amaiyesa m'mabowomo mpaka apeze lomwe ikulowa mothina bwino, osagwedera, osafuna hamala.

Makinawo pawokha ngosavuta kuwamvetsa. Amakoka ulusi wa pulasitiki wonenepa mamilimita 1.75, kuusungunula pa madigiri pafupifupi 200, n'kuutulutsa pa kakamwa ka mamilimita 0.4. Kakamwako kamayenda kulemba mzere, kukwera pang'ono, kulembanso wina pamwamba pake. Mizere isanu yosanjikizana ndiyo ikwane milimita imodzi. Mzere woyamba ndiwo mwini nkhani. Asanayambe amalowetsa pepala wamba pakati pa kakamwa ndi mbale imene chinthucho chimamangidwapo, n'kumalikoka uku akupotokola tinati ta pansi, ngodya zonse zinayi, mpaka pepalalo lizikhula pang'ono koma osang'ambika. Makina akayamba amawerama, maso pa mzerewo. Ukatuluka wobulungira, sunamate, ntchito idzasomphoka pakati. Ukatuluka wopyapyala moonekera mbale, kakamwa kapanikiza kwambiri. Zikatero amaimitsa makinawo n'kuyambiranso, osadandaula.

China chimene wongoyamba kumene sachidziwa ndi kagonekedwe ka chinthu pa mbale. Aliyense amene anawazapo nkhuni amadziwa kuti chikuni chimang'aluka msanga motsatira mitsempha yake, koma chopingasa nkhwangwa imanjanja. Pulasitiki yosanjikizayi ilinso choncho: imalekana mosavuta pamene mizere inakumana. Ndiye asanatumize chojambula ku makina amayamba wadzifunsa komwe mphamvu izidzachokera chipangizocho chikamagwira ntchito. Giya amaigoneka chafufumimba kuti dzino lililonse likhale la mizere yoyenda mozungulira, yosadukiza. Kambedza kokolowekapo chinthu amakagoneka cham'mbali. Atakaimika chilili kangathyoke tsiku loyamba lomwe. Mkati mwa zinthu zongokongoletsa amasiyamo mphako zambiri kuti ulusi usathe, koma giya amaidzaza yonse.

Ndiye pali magetsi. Ntchito ya maola asanu magetsi akathima pa ola lachinayi, mbale imazizira, chinthu chimamatuka, ulusi wochokera kunja wapita pachabe. Anagula batire ndi inveta asanagule mpando wabwino wokhalapo, ndipo zinthu zikuluzikulu amazidula pakompyuta kukhala zigawo zolumikiza pambuyo pake, kuti zikavuta aluze chigawo chimodzi chokha.

Koma chimene chinandipatsa ulemu waukulu pa iye ndi kukana. Pulasitiki yofala ya PLA imayamba kufewa pa madigiri 60 okha, kutentha kumene galimoto yoimikidwa padzuwa ku City Centre mu Okutobala imakufikira mkati mwake. Munthu akabwera ndi chipangizo chokhala pafupi ndi injini, kapena chonyamula katundu wolemera, samunyengerera kuti adye ndalama yake. Ngati ulusi wolimbirapo wa PETG sungathandize, amanena mosabisa: "Bambo, ichi chikufuna chitsulo. Pitani nacho kwa osema zitsulo, miyeso ndakulemberani papepalapa."

Mzimu wotere si wachilendo mumzinda uno. Mu 2001, pa chipatala cha Kamuzu Central, chimene nthawi imeneyo chinkatchedwa Lilongwe Central, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika makompyuta ku wodi ya ana. Sanagule makompyuta a mu ofesi. Anatenga timakina ta i-Opener, tomwe ku America tinkagulitsidwa kuti anthu azingolowera pa intaneti, n'kutisintha: anatiika sikirini yongokhudza ndi chala, kuti kalaliki asavutike ndi kiyibodi, ndipo magetsi ake ankayenda m'chingwe chomwecho cha netiweki kuchokera ku mabatire. Timakinato tinalibe fani yokoka fumbi, ndipo tinkadya magetsi ochepa. Kastika ka mizeremizere komatidwa pa buku la kuchipatala, komwe ambiri tinakazolowera, kanachokera ku ntchito imeneyo. Chilichonse pa makinawo chinali yankho ku vuto la pamalopo: fumbi, kuthima kwa magetsi, mzere wautali wa amayi obereka ana pakhomo.

Ndege yaing'ono yopanda munthu mkati (drone) yotchedwa EcoSoar nayo inapangidwa ndi maganizo omwewo. Anaikonza ndi a ku yunivesite ya Virginia Tech, mapiko ake a bolodi yopepuka ya thovu, tizigawo tina totuluka mu printa ya 3D, mtengo wake panthawiyo pafupifupi madola 350, kuti ikagwa ikonzedwe ndi mpeni ndi guluu osadikira sipeya. Mu 2017, chaka chomwe boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ophunzira a ku Malawi anaimanga ndi manja awo ndipo inauluka yokha makilomita 19. Mu Januwale 2020 African Drone and Data Academy inatsegulidwa mu Lilongwe ndi ophunzira 26 a m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa, ndipo kumanga ndege kunali mbali ya maphunziro awo.

Kunja, printa zoterezi zinatsika mtengo chifukwa cha anthu ogawana nzeru. Adrian Bowyer wa ku yunivesite ya Bath anayambitsa RepRap mu 2005, makina otha kupanga zina mwa ziwalo zake zomwe, n'kuika mapulani ake poyera kuti aliyense akopere. Neil Gershenfeld wa ku yunivesite ya MIT anafalitsa ma Fab Lab, nyumba zomwe anthu a m'dera amagwiritsa ntchito makina odula mogawana. Kuno mHub, yomwe Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, inaonetsa kuti achinyamata a zamakompyuta akapatsidwa denga limodzi amaphunzitsana okha.

Komabe malo ogawana zida tinali nawo kale, ndipo ali ku Old Town. Pitani kwa okhoma ndowa cha kumsika waukulu. Mupeza amuna angapo pansi pa shedi imodzi, chidutswa cha njanji chimodzi chokhomerapo, sizasi ya malata ikuyenda dzanja ndi dzanja, mnyamata wophunzira akuwongola malata akale uku akuba ndi maso. Mmisiri amagoneka patani yake pa lata, kulemba ndi msomali, kudula. Thupi la ndowa lisanapindidwe silikhala la makona anayi. Limakhala lokhota, kumwamba kotambalala, ndipo kukhotako kukaphonyeka pang'ono ndowa siikhala pansi mowongoka. M'mphepete amasiyako kampata ka msoko. Amapinda mbali iyi kuloza kunja, inayo kuloza mkati, kuzikoletsa, n'kukhoma pa njanji paja mpaka msokowo utagona osadontha madzi. Kukamwa kwa ndowa amapindirako waya, kumenya pang'onopang'ono mozungulira, kuti isapindike ikadzaza. Kampata ka msoko kaja ndi nzeru yomweyo ya 6.2 ya mtsikana uja: onsewa amadziwa kuti chimene chalembedwa ndi chimene chituluke zimasiyana, ndipo kusiyanako amakuwerengeratu.

Chimandiwawa n'chakuti awiriwa sadziwana. Pakati pawo pali mtsinje wa Lilongwe ndi ulendo waufupi wa minibasi, koma wa printa amakagula bokosi la pulasitiki lochokera ku China loti aikemo mawaya a sola, pamene wa malata akanamupindira lolimba, lokwana ndendende, tsiku lomwelo. Wa malata naye akafuna mbaula ya kukula kwatsopano amawononga lata poyesa patani, pamene pakompyuta kukhota kuja kumawerengedwa mphindi zochepa, n'kusindikizidwa papepala kukula kwake kwenikweni, iye n'kungomata pa lata ndi kudula. Kamutu ka kheni yothirira ndiwo zamasamba, komwe amakaboola ndi msomali bowo limodzilimodzi, kangatuluke mu printa ndi mabowo ofanana kuti madzi asakokolole mbewu pa nazale, thupi la kheniyo n'kukhalabe la malata, lokhomedwa pa njanji ndi amene amadziwa kugoneka msoko.